Atelala a Pakwale

Dzulo ndikudutsa pomwe akukonza msewu, fumbi la miyala yophwanya linandilowa m'mphuno, ndipo mtima unabwerera kwathu pakwale, pomwe ankaphwanya miyala.

Malowo kale linali thengo chabe patsinde pa phiri, kufupi ndi malire a Zambia. Miyala ndiyo inaitana anthu, a ku Mkanda, a ku Dambe, ena ochokera kutsidya, mpaka panamera timagolosale ndi tchalitchi chofolera udzu. Tinali ndi lamulo limodzi. Chitsulo chikalira kuchenjeza kuti aphulitsa thanthwe, sunkathawa usanaitane wa khomo loyandikana nalo mpaka ayankhe.

Oyandikana nafe anali atelala, bambo wachisilamu amene anagontha makutu akugwira ntchito pakwale pomwepo. Tsiku lina masana chitsulo chinalira iwo atadzitsekera m'nyumba kuthawa fumbi, makina osokera ali pakalapakala. Mayi anga anandikankhira kwa anthu amene ankathamangira kuseri kwa chulu chachikulu, iwo n'kutsala.

"Tiyeni, mufera za eni," anatero amayi ena.

"Sanayankhe," anatero mayi anga, n'kuyamba kugunda chitseko ndi phewa.

Anatulukira atawagwira dzanja atelalawo, akuthamanga chowerama. Atangofika pachulu nthaka inanjenjemera, timiyala tikugwa pamalata ngati matalala. Mayi anali wefuwefu, phewa likuchucha magazi. Atelala anakhala pansi, anasasa fumbi pansalu imene sanaitaye m'manja, n'kundiyeza nayo kumsana. Inali yunifolomu yanga.

"Kwatsala kolala yokha," anatero mokweza, monga ankalankhulira masiku onse.