Njira imene ndinagula

Chaka chimene mwini pulazi anachepetsa antchito mu shedi yosankhira fodya, kunabwera bungwe lina kudzatiphunzitsa bizinesi. Ankati munthu wa pa komboni asamadalire fodya yekha. Mawu ake anali abwino ndithu. Ine chimene chinandikhazika pa benchi ya ana asukulu, ndi imvi zangazi, chinali pampu ya madzi imene analonjeza kwa mwini pulani yopambana. Dimba langa lili kumtunda kwa damu, ndipo amene ankasenza ndowa kukwera chitunda chimenecho anali mkazi wanga, poti ine msana unatha kalekale ndi mabelo.

Mphunzitsi wake anali wa ku Harare, wa nsapato zoyera zosadziwa matope a ku Raffingora. Chichewa sankachidziwa ngakhale moni. Koma anati zimenezo si kanthu, chifukwa mu kompyuta yake munali makina anzeru omva zilankhulo zonse. Iwe unkangoyankha mafunso, iwo n'kukulembera pulani. Iyeyo ntchito yake inali kugwedeza mutu ndi kupukuta galasi la kompyutayo ndi mpango. Masiku onsewo sanafunse n'komwe kuti tomato timakagulitsa kuti, kapena kuti repu amalowa nsabwe mwezi uti.

Nzeru za makinawo tinaziona tsiku lachiwiri. Pafupifupi kalasi yonse inauzidwa kuti iwete nkhuku zoyera. Komboni imodzi, aliyense nkhuku, wogula n'kukhala ndani? Ndinafunsa. Anandiyankha kuti makinawo anawerenga mabuku ochuluka kuposa ine. Zoona, ine ndinalekezera giredi faifi.

Itafika nthawi yanga, funso lina linali lakuti nditchule chinthu chamtengo wapatali chimene ndinagulapo m'moyo wanga. Mtima unali utandipsa kale ndi nkhuku zija, ndiye ndinangoti, “Ndinagula njira.” Amene anabadwira kwathu akudziwa kuti wogula njira ndi munthu amene analowa gule. Anzanga anayamba kutsinana. Makina aja sanatsine munthu. Analemba masamba atatu: popeza ndili ndi msewu wangawanga, ndiike geti, mathirakitala ndi ngolo zizilipira podutsa, m'mbali mwake ndimange timashopu ta lendi.

Mphunzitsi uja anaimirira ndi chimwemwe. Anawerengera kalasi yonse pulaniyo, nati chiyambire ntchitoyi sanaonepo munthu wa maso a bizinesi ngati ine. Amayi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Palibe anamuuza. Ifenso tili ndi nkhanza zathu.

Ine ndinayamba kuiona pampu ija ili m'dimba mwanga. Sindinama, ndinaifuna. Ndinati mumtima, ngati wopusa akugawa, wochenjera alandire.

Tsiku lomaliza anandiitana kutsogolo. Pampu inali pa tebulo, ili m'katoni yake. Anati kwatsala zochepa zoti makina amalize: njirayo ndinagula kwa yani, ndinapereka chiyani, imayambira pati ndipo imathera kuti. Kenako tipite limodzi akaijambule, chifukwa akuluakulu ake sakhulupirira kanthu popanda chithunzi.

“Handei, mudhara, mundiratidze,” anatero m'Chishona, kutanthauza kuti tiyeni mukandionetse, foni ili kale m'manja.

Apo m'pamene chibwana changa chinandipachika. Kumuonetsa msewu wa pulazi n'kunena kuti ndi wanga, kapitawo anali m'kalasi momwemo, ndipo likanakhala bodza lofika kwa mwini pulazi lisanalowe dzuwa. Kunena zoona zake, mayankho a mafunso amenewo ali kudambwe, kumene gule amachokera, ndipo sanenedwa pamaso pa osalowa. Pa benchi yakumbuyo panali amuna awiri amene ndinalowa nawo chaka chimodzi. Sankasekanso.

Ndinamuuza m'Chishona kuti njira imeneyo sijambulidwa. Anafunsa makina ake tanthauzo lake, makinawo n'kumuuza kuti mwina ndilibe mapepala a umwini, ndipite ku khonsolo. Anandiyang'ana ngati wandigwira ndikuba chimanga. Analankhula nthawi yaitali za kukhulupirika pa bizinesi, iye amene sanagulitsepo ndi mulu umodzi wa tomato. Pampu inapita kwa mayi wina wa nkhuku zoyera, amene alibe dimba. Mpaka lero ili pansi pa bedi lake.

Ndikafuna kuseka nkhaniyi ndimaseka, ndipo ku mowa amandiitanabe kuti mwini tolugeti. Koma mkazi wanga sanasekepo. Iye ndi wa tchalitchi, makolo ake anachokera ku Tete, ndipo za gule anangozipirira chifukwa cha ine. Ndinamufotokozera tsiku lomwelo. Anadzayankha mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, repu atayamba kufota. Ndinakumana naye pakati pa chitunda, ndowa ili pamutu, madzi akuchuchira m'khosi. Ndinati ndimulandire, ngakhale tonse tinkadziwa kuti sindingathe.

“Patukani, bambo,” anatero osaima. “Inu munagula yanu. Ine yanga ndi ino.”