Ma Noodles Osaphika a Nabin

Anzanga, nkhani iyi ndaisunga mpaka yanditopetsa, ndiye ndingokuuzani.

Nabin ndinakumana naye mu 2007 ku care home ina ku Lewisham, mu London, komwe ndinkasamalira okalamba. Iye anali wa ku Nepal, ankagwira ntchito kukhitchini. Tsiku lina pa break ya masana ndinamupeza kuseri atakhala pa kreti, akufinya paketi ya ma noodles ngati yamulakwira. Anaitsegula, n'kuthiramo kaufa kokometsera kaja, anyezi, tsabola ndi madzi a ndimu, n'kukhutchumula. Kenako anayamba kudya, osaphika!

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinamufunsa ngati kwawo kulibe mapoto.

Sanakwiye. Anati kwawo amazitcha chauchau, ndipo aliyense amatafuna choncho, ana a sukulu, madalaivala, ngakhale agogo. Monga mmene ife timachitira ndi chimanga chokazinga basi. Anandipungulira mu kakapu ka pepala, n'kung'amba kakatoni kuti kakhale supuni yanga.

Ndinalawa. Tsabola anandipweteka, koma mawa lake ndinapitanso.

Chikondi chinayamba choncho. Ndinkakhala nditatopa ndi kunyamula anthu, msana ukuwawa, koma ikamakwana thuu koloko, nthawi ya break, mtima unkadumpha. Masiku a off tinkakwera basi kupita ku Plumstead, kukashopu ka mayi wina wa kwawo, a Sabitri, chifukwa Nabin ankati ma noodles a mu supermarket sakoma osaphika.

Chinthu chimodzi chokha chinkandidabwitsa. Nthawi zonse iye paketi yake, ine kakapu kanga. Tsiku lina ndinapisa supuni yanga, yomwe ndinali nditadyera kale, mu paketi yake. Anaima kaye, n'kumwetulira, n'kundipatsa paketi yonse.

"Maliza Mwayi, ine ndakhuta."

Nditauza Marjorie, mnzanga wokhala naye nyumba imodzi, anati ndithokoze Mulungu, amuna osiyira mkazi chakudya anatha kalekale. Koma ine sizinandikhalire bwino. Munthu wondipsompsona pa bus stop, n'kumanyansidwa ndi supuni yanga?

Ndinakafunsa mayi Sabitri mwanthabwala. Iwo sanaseke. Anandifotokozera kuti kwawo chakudya chomwe chakhudza pakamwa pa munthu wina sadya, n'chodetsedwa.

"Kupatula akhale wako weniweni, mwana wanga. Monga mwamuna ndi mkazi wake."

Kuyambira tsikulo ndinayamba kudikira. Sindinkadikira mphete ayi, ndinkangodikira tsiku lomwe Nabin adzadye zomwe ndakhudza. Ndikamufunsa zokaonekera kwa makolo ake, omwe ankakhala komweko ku Plumstead, yankho linali limodzimodzi: "Nthawi sinakwane."

Kumapeto kwa 2008 anapita ku Nepal masabata asanu, akuti agogo ake adwalika. Anabwerako ndi katoni yathunthu ya ma noodles, n'kundipatsa ngati mphatso. Ine chitsiru ndinavina ndi katoniyo m'chipinda.

Miyezi inadutsa. Loweruka lina kunja kutatentha, ndinapita ndekha ku Plumstead kukagula ena, oti ndikamukonzere Lolemba. Pobwerera ndinadutsa pa paki, pomwe anthu a kwawo kwa Nabin anayala nsalu pa kapinga n'kumacheza.

Nabin anali pomwepo. Pambali pake panali mtsikana wovala zofiira. Awiriwo anali ndi paketi imodzi ndi kakatoni kamodzi. Nabin anadya, n'kupatsira mtsikanayo. Mtsikanayo anadya, n'kumubwezera. Ndipo Nabin anadyanso, akuseka, osaganiza n'komwe...

Sindinakuwe, sindinagwe. Ndinangomva kutopa kwa chaka ndi theka kukundikhalira pamapewa. Ndinakwera basi ndi jumbo yanga pamiyendo.

Lolemba pa break ndinamupeza pa kreti yake yomwe ija, atandipungulira kale mu kakapu. Ndinakhala pansi, ndinadya kamodzi, kenako ndinapisa supuni yangayo mu paketi yake n'kumupatsa.

"Idya, Nabin."

Anayang'ana paketiyo nthawi yaitali.

"Mwayi, please..."

"Dzina lake ndani?"

Anati ndi Pabitra. Makolo ndi omwe anamusankhira, ukwati unachitika m'masabata asanu aja a ku Nepal, ndipo visa ya mkaziyo inali itangotuluka kumene. Analumbira kuti amene amamukonda ndine, kungoti analibe mawu pamaso pa bambo ake. Analankhula zambiri, mwina zina zinali zoona. Ine ndinkangoyang'ana dzanja lake. Mpaka break inatha, paketi ija sanaikhudze.

Ndinasintha ntchito, panopa ndili ku Croydon. Marjorie amati ndizitukwana ndipepukidwe, koma mphamvu zake ndilibe. Choseketsa n'chakuti chauchau sindinasiye. Ndikaweruka ndimafinya paketi, n'kuthira ndimu, n'kudya ndekha. Lilime silidziwa kuti tinasiyana.

Chomwe chimandipweteka si Pabitra, anzanga, mwana wa eni sanandilakwire. N'chakuti Nabin ankandiuza zoona tsiku lililonse thuu koloko, ine n'kumamvera pakamwa pake m'malo moyang'ana manja ake. Munthu akamati amakukondani, muzionanso malo omwe wakupatsani. Anga anali mu kakapu ka pepala, kotaya ukamaliza.