Mitengo Yamiyendo ya ku Kelimane

Chitenje cha mdzukulu wanga Rozita chikununkha matope amchere. Wafika dzulo kuno ku Milanje, nyanja itamulowera m'nyumba ku Kelimane.

Fungoli ndimalidziwa ine. Ndili kamtsikana, bambo ananditengera komweko kukagula mchere. Madzi ataphwera, ndinaona mitengo itaima pamiyendo m'matope, nkhanu zili yakaliyakali pansi pake. Ine kukuwa, "Ababa, mitengo ikutuluka m'nyanja, itigwira!"

Amayi ogulitsa mchere anaseka. "Iwe wakuphiri, siyenda imeneyo. Yagwirana miyendo kuti nyanja isadutse."

Ndamufunsa Rozita za mitengo ija. Akuti, "Iii agogo, anthu anaidula n'kuotcha makala kalekale. Nyumba yathu ili pomwepo."

Mawa akubwerera komweko, khanda kumsana. Kale ndinkaopa mitengo ija, lero ndikuopa mpata umene inasiya.