Chulu cha kwa Bana Roy

Ku Ipusukilo, komboni ya ku Kitwe, ukafunsa kwa amayi Annet Daka, anthu amayamba akanda kumutu. Koma ukati "akazi a mdala wa mphepo," ngakhale wogulitsa makala pamsewu akulozera nyumba ya chitseko chobiriwira, pafupi ndi chulu chachikulu chija.

A Annet anabwera ku Kitwe kuchokera ku Katete ali mtsikana, atangokwatiwa ndi a Mathias Daka, amene ntchito yawo inali yoyeza mpweya pansi pa mgodi. Anabereka ana asanu, mmodzi anamuika m'manda, anayi anawaphunzitsa ndi vitumbuwa vya pageti ya sukulu. Sabata iliyonse ankavala bulauzi yoyera kupita ku Chigwirizano cha amayi a mpingo. Sanali mkazi waphokoso. Akakwiya ankatsuka mapoto otsukatsuka kale.

Amuna awo atapuma ntchito anatsala ndi luso limodzi limene komboni yonse inkalifuna. "Mgodi umapuma ngati munthu," ankatero a Daka. Mpweya wotentha wa pansi umatulukira pa shafiti ina, dzenje lotsikira mu mgodi kumadzulo kwa tauni, ndipo m'mamawa nyengo yozizira umaoneka ngati nthunzi yoyera. Ikaima chilili, tsikulo ndi labata. Ikagona kuloza ku Chingola, mphepo ya fumbi idzuka isanakwane naini. Ikamakwawa pansi osafuna kukwera, chisanu chikubwerera ndi mitambo yake yotuwa.

Kumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti ndi pamene luso limeneli linkagwira ntchito, pakuti nyengo ya masiku amenewo ilibe mawu amodzi. M'mawa juzi, masana thukuta, mawa lake fumbi m'mano, mkuja kuzizira ngati Juni wabwerera kudzatenga chimene anaiwala. Wailesi inkanena za chigawo chonse cha Copperbelt, a Daka ankanena za Ipusukilo. Oumba mabuloko ankabwera kudzafunsa, oyanika mbatata ya kandolo, oweta anapiye ofuna kudziwa ngati achotse mbaula m'khola.

Vuto linali lakuti shafitiyo inkaoneka uli pamwamba pa chulu basi, ndipo chulucho chinali m'bwalo la aneba awo, a Peggy Chishimba, amene onse ankawaitana Bana Roy, kutanthauza amake Roy. Anali Mbemba wa ku Kasama, wamasiye zaka zitatu, woseka mpaka kuonetsa mano a m'mbuyo.

Pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa pali chimbuya, chibale chonyozana popanda wokwiya. Pamaliro a mwamuna wa Bana Roy, a Annet ndiwo anaphika, ndiwonso anapaka anamfedwa ufa kumaso kuti aseke pang'ono. Ndiye m'mawa uliwonse mawu akamadutsa pampanda, panalibe poyambira kudandaula.

"Mwashibukeni, mwamuna wanga wodya mbewa!" Bana Roy ankafuulira a Daka.

"Ndauka, mkazi wanga. Nyani wa dzulo anatsalako? Mundisungire mchira."

"Mchira ndi wa amuna olimba, imwe mupeza msuzi chabe!"

Zaka zonsezo a Annet ankangomwetulira, tsache lili m'manja. Ndi chimbuya, munthu wamkulu sakwiya ndi chimbuya. Koma chaka chimenecho chinthu china chinasintha, ndipo anachiona pa mpata wa mpanda pamene nkhuku zinabowola. A Daka sankakweranso chulu. Ankaima m'munsi, chipewa m'manja, ndipo wokwera anali Bana Roy. Akatsika sankafuula monga mwa masiku onse. Ankafika pafupi, pafupi ndithu, n'kunong'ona kukhutu kwa mwamuna wa mwini. Kenako a Daka ankabwera kugeti kudzauza anthu za nyengo.

Chimbuya chimafuula. Chonong'ona ndi china.

A Annet anayamba kuona zimene kale sankaziona. Bana Roy anali ndi chitenje chatsopano cha maluwa achikasu. Bana Roy ankadzola mafuta onunkhira sikisi isanakwane, kudzolera ndani, nkhuku? Tsiku lina a Daka anabwera ndi nyenyeswa za sikono pandevu. A Annet anapemphera za nkhaniyi, anapempheradi, koma akanena ameni n'kutsegula maso, mpata wa pampanda unali pomwepo ukuwadikira.

Sabata yachiwiri ya Ogasiti kunabwera a Isaac Njobvu, mkulu wa mpingo. Malata a tchalitchi anali atadyeka ndi dzimbiri, atsopano anali atafika, ndipo amuna anagwirizana zosasula denga Loweruka.

"Koma lata ndi mphepo sizimvana, a Daka," anatero a Njobvu. "Tikwere kapena tidikire?"

"Mudutse pano Loweruka sikisi koloko. Ndidzakuuzani."

Lachisanu masana, a Annet akusadzula chibwabwa, masamba a maungu, pakhonde, mawu amene anawasunga milungu isanu anatuluka okha.

"Atate ake Kumbukani, miyendo yanu yatha, kapena chulu chimakoma mukamaonerera wina akukwera?"

A Daka anayang'ana pansi. "Mawondo, amake Kumbu."

"Mawondo ine ndili nawo. Maso ndili nawo, awiri. Mawa ndikwera ine."

"Mudziwa poyang'ana?"

"Zaka sate-foro ndili m'tauni muno, shafiti ndingaisowe? Kapena imaonekera Abemba okha?"

A Daka anapukuta chipewa chawo ndi dzanja, ngakhale chinalibe fumbi.

Loweruka a Annet analowa m'bwalo la Bana Roy opanda odi. Kunkazizira koluma zala. Anakwera chogwira udzu, akupuma mwamphamvu, ndipo atafika pamwamba anaima kakasi. Zaka zonsezo anali asanakwerepo. Madenga a komboni anayala mpaka kutali, ndipo kumadzuloko sikunali choyera chimodzi ayi. Kunali zingapo. China chinali kutali, chofooka, ngati ulusi wogona pamwamba pa mitengo. China chinali pafupi, chonenepa, choima njo ngati mzati.

Chitseko chinatseguka m'munsi. "Bana Kumbu! Mwakwera ndimwe? Mwayang'ana kuti? Dikirani, ndibwera."

"Musavutike," anatero a Annet akutsika. "Mwamuna wanu wa chimbuya lero ali ndi mkazi wake wa ku tchalitchi."

Bana Roy sanaseke. Anayang'ana a Daka, anayang'ana a Annet, anabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Yaima chilili," a Annet anauza amuna awo.

"Yoyera? Paseri pa mitengo ya bulugamu ija?"

"Ndati yaima."

A Njobvu anali kale pageti, juzi mpaka m'khosi. A Daka anazengereza pang'ono, kenako anati, "Kwerani. Lero ndi labata."

Pofika eiti theka la denga linali pansi. Amayi a Chigwirizano ankawiritsa tiyi kuseri kwa tchalitchi, a Annet ali pakati pawo, mtima uli mbee ngati munthu amene wabweza mbuzi yake kuchokera m'munda wa eni. Kenako mapepala a pamsewu anayamba kuthamanga. Mtengo wa mango unagwedeza mutu. Mphepo inafika yonse nthawi imodzi, yofiira ndi fumbi, ndipo lata limene amuna awiri ankakweza linawathawa m'manja, linazungulira m'mwamba n'kukadula papaya wa abusa pakati. Lina linacheka a Njobvu pamkono. Amuna anatsika makwerero chothamanga, ena anagona pa malata atsopano kuti asauluke.

A Njobvu anabwera atakulunga mkono ndi duku la akazi awo, magazi akudontha.

"A Daka, bata lanu lija ndi limeneli? Likanakhala khosi la munthu m'malo mwa papaya, mukananena chiyani?"

"Mdala wa mphepo wagulitsidwa ndi mphepo yake," wina anatero kumbuyo, ndipo ena anaseka kuseka kowawa.

A Daka anavula chipewa pamaso pa onse. "Ndalakwitsa ndine. Ndakalamba, abale. Mundikhululukire." Sanayang'ane kumene kunali akazi awo, ngakhale kamodzi.

Nthawi yomweyo munthu anagwira a Annet pamkono n'kuwakokera kuseri kwa thanki ya madzi. Anali Bana Roy, wefuwefu, patapata mmodzi ataduka.

"Ndinakwera mutachoka. Nthunzi inali gone kuloza ku Chingola. Imwe munaona utsi wa utuchi umene amatentha kudambo, kumene mphepo imafika mochedwa. Ndinakhala pansi ndi mkwiyo wanga, ndati aone okha. Pamene ndati ndithamange, ndachedwa. Mulandu uwu tigawana."

"Nanga iwo osakwera okha bwanji, ngati ndi nkhani yovuta chonchi?"

Bana Roy anagwira pakamwa. "Mayo. Kansi simudziwa? Bashi Kumbu, amuna anu, saona patali. Kuyambira mu Meyi. Ng'ala yagwira maso onse awiri."

Mphepo inkaombabe, koma a Annet sanaimvenso. Anakumbukira mmene amuna awo anasiyira kuwerenga mawu kutsogolo kwa mpingo, ati tipatse mpata achinyamata. Anakumbukira tiyi wothiridwa pambali pa kapu. Anakumbukira tsiku limene a Daka anapatsa moni mpongozi wawo ndi dzina la munthu wina. Zonsezo zinachitika m'nyumba mwawo, pamaso pawo, iwo maso ali pa mpata wa mpanda kuwerenga maluwa a chitenje cha mnzawo.

Munthu angaganize kuti nsanje inathera pamenepo. Sinathe, inangosintha pokhala. Kuti Bana Roy sanali kuba mwamuna, chabwino. Koma anali atasunga chinthu cha mwamunayo chimene mkazi wake analibe, ndipo anachisunga miyezi itatu.

Kunyumba a Annet anatenthetsa madzi, anaika beseni pamapazi a amuna awo, kenako anaima manja m'chiuno.

"Munauza Mbemba. Ine ayi."

"Sindinamuuze. Anandipeza ndili pamwamba ndikuyang'ana kolakwika, kumene kulibe shafiti. Anandifunsa zala zake kuti ndi zingati, ndinalephera."

"Nanga ine zala ndilibe?"

A Daka anaviika mapazi m'madzi. "Komboni yonse imabwera kwa ine chifukwa cha maso. Ndinati akadziwa, basi, ndatsala mdala wokhala pampando. Ndipo inu mukanayamba kundigwira dzanja powoloka msewu. Ndinachita manyazi, amake Kumbu. Kwa Bana Roy manyazi kulibe, amandinyoza kale tsiku lililonse."

"Dzanja ndidzakugwirani, mufune musafune. Lachiwiri tipita ku chipatala cha maso. Ndipo sikono wa kuseri kwa mpanda muleke, kuno ufa ulipo."

Lamulungu anthu anapemphera theka ali padzuwa, theka pamthunzi, fumbi likugwera m'mabuku a nyimbo. Mapemphero atatha a Annet anapita kwa a Njobvu, akulu ena ali pomwepo, anagwada.

"Amene anakwera chulu dzulo ndine. Ndinayang'ana utsi wa utuchi. Bala lanulo ndi langa, si la amuna anga."

"Inu, amayi? Munakwereranji?"

"Chimene ndinakwerera ndauza kale Mulungu. Inu ndakuuzani za utsi."

Lolemba m'mamawa anaima pageti ya aneba awo, amuna awo ali kumbuyo.

"Odi kuno!"

"Kalowe, wakuba chulu," anayankha Bana Roy. "Lero mwakumbuka odi?"

Amayi awiriwo anakwera, wina akukoka mnzake. Pamwamba Bana Roy anagwira mutu wa a Annet ndi manja onse n'kuutembenuza ngati akuwongola mtsuko.

"Siyani chonenepacho, n'chabodza. Pezani nsanamira yaitali ya magetsi. Mwaiona? Manje werengani mitengo ya bulugamu kumanja kwake, umodzi, iwiri, itatu. Paseri pa wachitatu. Ichita bwanji?"

A Annet anatsinzinira. "Sikukwera. Ikukwawa pansi."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Sindidziwa. Odziwa ali m'munsi."

A Annet anatsika okha, pang'onopang'ono, anafika pafupi ndi amuna awo, pafupi ndithu, n'kunong'ona. A Daka anagwedeza mutu, anakweza mphuno kununkhiza mpweya.

"Chisanu chikubwerera. Masiku awiri a mitambo, mwina atatu. Oweta anapiye asachotse mbaula. Chikadutsa, pabwera tsiku labata, ndilo la denga."

"Mwamuna wanga!" anafuula Bana Roy ali pamwamba. "Wandisiya chifukwa cha wodya mbewa mnzako?"

Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo, amene anayankha anali a Annet. "Mwamuna tengani, wodya anyani iwe, amadya kwambiri. Koma khutu lake ndi langa."

Mitambo inabweradi masana omwewo. Denga linakwera Lachinayi, nthunzi itaima chilili paseri pa bulugamu wachitatu, ndipo a Njobvu asanakweze makwerero anafunsa kawiri kuti wayang'ana ndani.

Diso limodzi la a Daka madokotala analikonza, linalo likudikira. Akhoza kukwera okha tsopano, koma a Annet salola, ati mawondo. Nyengo yozizira ikafika, sikisi isanakwane mudzawaona pamwamba pa chulu, juzi ya amuna awo pamwamba pa diresi, akuwerenga mitengo ndi chala. Mpata wa pampanda uja sanautseke. Amati ndi wa nkhuku.