Tiyi Wosauzira wa pa Mkanda

Achimwene, lero mwandiopsa dzuwa likuswa mtengo. Ndinaima pa tiyirumu ija ya pa Mkanda, njinga yanu ya kabaza nditaitsamiritsa pakhoma. Mayi wogulitsa atangondithirira tiyi, ndinaona munthu akufunafuna womunyamula, ndiye ndinagugudiza tiyiyo asanapole kuti anzanga asandilande kasitomala. Pomwepo ndinamva kaphokoso kaja kamene kankatuluka pakhosi panu chakudya chikakana kutsika. Ndinatembenuka msanga. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu, kunali benchi yokha. Pa benchi imeneyo m'pamene munandiseka tsiku lina ndikuuzira kapu yanga. Munati, "Iwe, wakabaza sauzira tiyi. Ukamadikira kuti apole, wokwera apita." Munamwa wanu nthunzi ikutuluka m'kamwa, kenako n'kuyatsa fodya wanu wa chingambwe. Adokotala atatiuza kuti muli ndi khansa ya kummero, anafunsa za fodya, za kachasu ndi za zakumwa zotentha kwambiri. Inu munangoyang'ana pansi, poti apo n'kuti ngakhale madzi akubwerera.

Nditabweza kapu lero, mayi uja anandiyang'anitsitsa ketulo ili m'manja, n'kufunsa chapansipansi, "Mwayamba liti kumeza ngati malemu akulu anu?" Kaphokoso kaja sikanachokere pa benchi ayi, kanachokera pakhosi panga. Mawa ndikupita kuchipatala ku Boma kuti akandiyeze, makasitomala adikire. Njinga munandisiyira ndipo ndikuisamala, achimwene. Koma chinachi, chonde musandisiyire.