Thumba la Chalimbana la Alamu Anga

Alamu anga a Zakeyu anali munthu wamtali ngati bulugama, ndipo ine sindinkatopa kuwaseka kuti amene anawabatiza dzinalo anali ndi vuto la maso. Anabwera kwathu ku Chiosya kudzakwatira achemwali anga a Esitele ine ndidakali kamtsikana, ndipo anakhala mkamwini pakhomo pathu mpaka imvi. Kutchalitchi sanali mkulu wa mpingo, kulalika sankatha, ndipo akayambitsa nyimbo ana ankatsinana. Ntchito yawo inali kuliza belu, lomwe linali limu ya galimoto yopachika mumtengo wa mango.

Chuma chawo chinali thumba limodzi la mtedza wa chalimbana, mbewu imene anachoka nayo kwa mayi awo. Chaka chilichonse akakolola, asanakazinge ndi njere imodzi yomwe, ankasankha makoko onenepa, kuwathira m'thumbamo, n'kulipachika kudenga. Ukalikhudza thumbalo, chibale chatha.

"Alamu, kodi thumbali mudzalowa nalo m'manda?" ndinkatero ine.

"Iwe Rozi, ukaona utawaleza umangoti wakongola," ankayankha. "Ine ndimaona lonjezo. Mulungu anamuuza Nowa kuti malinga dziko lilipo, kudzala ndi kukolola sikudzatha. Iye zake amasunga. Yanga ntchito n'kusunga mbewu."

Njala imene timaitcha ya 2002 kwathu inayamba mvula isanagwe. Pofika Okutobala m'nkhokwe munali mutatsala makoswe okha, nawonso akuonda. Anthu anayamba kudya mbewu. Yanga ine ndinakazinga, ndipo manyazi ndilibe, chifukwa ana anga ankalira ndipo makutu ndili nawo. Kwa alamu kunali pakamwa patatu: iwo, achemwali, ndi kamdzukulu kawo Mwai, kamtsikana kamene mayi ake anamwalira kadakali kumsana. Nditaona khosi la mwanayo likutalika, ndinapita kukayambana nawo.

"Alamu, tsitsani thumbalo. Mwana akugona ndi njala chakudya chili pamutu pake. Chikhristu chake ndi chimenechi?"

"Tikadya lero, Meyi tidzakumba chiyani?"

"Meyi wakeyo mudzamuona?"

Anayang'ana Mwai. Kenako anati, "Mwanayu adzamuona."

Mvula itagwa anatsitsa thumba lija, anaswa mtedza ndi achemwali pakamwa pali chitsekere, n'kukaudzala wonse. Kuyambira pamenepo alamu ankalawirira kuganyu kuesiteti ina ya fodya, kumene malipiro ake anali gaga. Madzulo achemwali akaphika phala la gagayo, iwo ankakankhira mbale kwa Mwai. "Ine ndadya kuesiteti, amatiphikira," ankatero, uku akutokosa m'mano ndi kaudzu. A Laston, amene ankalima nawo ganyuyo, anadzatiuza pambuyo pake kuti kumeneko kunalibe ndi madzi a phala omwe. Munthu woliza belu la tchalitchi, kunama mwezi ndi mwezi nkhope ili gwa! Ndilo bodza lokhalo limene ndinawagwira nalo pa moyo wawo wonse, ndipo ndikalikumbukira mtima umandiwawa.

Mu Febuluwale anthu anayamba kuzula mtedza wosakhwima n'kumatafuna mphwephwa. Alamu anali atatupa mapazi, kuganyu atasiya. Ankadzikoka mpaka kumunda, n'kukakhala pachulu kulondera. Ndinawapezako tsiku lina akusisita masamba a mtedza ngati mutu wa mwana.

"Waona maluwa mmene anachitira?" anandifunsa. "Pansipa pali zinthu, Rozi."

Ndinatembenuka n'kubwerera kumudzi. Ndinali nditakwiya, komanso ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndilira.

Lamulungu lina mu Malichi belu linalira mofooka, n'kusiya pakati. Amene anayamba kufika anawapeza atatsamira mtengo wa mango, chitsulo cholizira chili m'manja. Anawanyamula pamachira, ndipo sabata imeneyo sanaimalize. Tinawaika m'mphasa. Adzukulu okumba manda analibe mphamvu, dzenje linangofika m'chiuno, ndipo munthu wamtali uja anachita kumupinda miyendo. Nyimbo tinaimba imodzi yokha.

Ndinakwiyira alamu, ndinakwiyiranso Mulungu, ndipo sindinabise. Kutchalitchi ndinasiya. Belu likalira m'manja mwa munthu wina ndinkalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Meyi anafika. Mtedza uja unabereka zoti sindinaonepo, phata lililonse lolemera ngati nkhuku. Achemwali ankakumba, Mwai akutola, masaya ake atayambanso kubwerera. Utauma, achemwali anakhala pamphasa n'kusankha makoko onenepa, kudzaza thumba lija, n'kuitana a Laston kuti alipachike, poti pakhomopo kudengako ankafikirako ndi alamu okha. Atatero m'pamene anaika chiwaya pamoto.

Mitambo itayamba kusonkhana mu Novembala, theka la mudzi linalibe chodzala. Achemwali anatsitsa thumba n'kuyamba kugawa pambale pambale kwa onse amene tinadya mbewu zathu. Ine ndinapita komalizira, ndipo ndinakana kukhala pansi.

"Achemwali, mundiuze. Lonjezo lija lili kuti? Mwini thumbali ali kumanda, miyendo yopinda."

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kuswa mtedza, misozi ikugwera m'lichero.

"Mulungu anati kudzala ndi kukolola sikudzatha," anatero. "Sanati wodzalayo ndiye adzakolole. Alamu ako zimenezo ankazidziwa, n'chifukwa chake ankatokosa m'mano." Kenako anaitana, "Mwai, bwera ndi mbale ija, uwapatse agogo ako aang'ono."

Mwana anabwera akuthamanga, ndi miyendo yake iwiri, n'kundikhuthulira mbewuyo pansalu. Ndinaimanga mfundo, n'kuyenda nayo mpaka kwathu ndikulira mokweza ngati maliro achitika tsiku lomwelo. Njira yonseyo sindinaponye mkamwa ndi njere imodzi yomwe.