Telala ndi Besi Yoledzera

Inali cha m'ma teni koloko m'mawa, kunja kukugwa kamvula kowaza kaja kosadziwika kuti katha liti. Mtsikana wina anatsika masitepe a situdiyo yojambulira nyimbo atakumbatira laputopu yokulunga m'pulasitiki ngati mwana wodwala. Kumbuyo kwake anthu anali asanamalize kuseka.

Inu amene mukufuna mawu olimbitsa mtima, tiyambire pa masitepe onyowawa, chifukwa apa ndi pamene mtsikanayu anafika pansi penipeni.

Anthu ankangomutchula kuti Telala. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono. Mayeso omaliza a sekondale anawalemba kawiri, ndipo kawiri konseko masamu anamugwetsa chagada. Azakhali ake, mayi wosoka zovala pakhonde la sitolo ya zitsulo, anamutenga n'kumuphunzitsa kupalasa makina. Anakhala telala wabwino ndithu, koma mtima wake unali ku nyimbo.

Laputopu ija anaitola kwa msuweni wake amene anatopa nayo. Galasi lake linali ndi mng'alu, batire linafa kalekale, moti magetsi akathima nayonso inkathima. Koma munali pulogalamu yopangira nyimbo, ndipo mu pulogalamumo munali sinthesaiza, chida chopanga mawu a zoimbira popanda nsambo kapena chikopa. Telala anadziphunzitsa yekha, kudina apa, kupotokola apo, mpaka anatulukira chinthu chimene chinamutenga mtima. Opanga nyimbo amachitcha wobo.

Besi, mawu onenepa aja apansi pa nyimbo, ikakhala wamba imangolira kuti duuu. Koma mu sinthesaiza muli sefa, yomwe ikatseka imabisa mawu akuthwa n'kusiya onenepa okha, ikatsekuka onse amatuluka. Ukamaitsekula ndi kuitseka mobwerezabwereza, ngati mmene mwana amachitira akamakuwa uku akumenya kukamwa ndi chikhatho, besi imayamba kunena kuti wau-wau-wau. Ndiye wobo imeneyo. Sumachita ndi dzanja ayi. Pali kagudumu pagalasi kamene umapotokola, kuuza makina kuti azitsekula ndi kutseka mofulumira bwanji.

Telala ankapotokola kagudumuko ndi khutu lokha, pang'onopang'ono, mpaka wau-wau atagwirizana ndi ng'oma. Khutu anali nalo, palibe akanatsutsa.

Mwayi unabwera kudzera mu thalauza. Woimba wina wachikulire, amene anthu ankamutcha a Chipewa chifukwa palibe anaonapo mutu wawo uli pamtunda, anabweretsa thalauza lofuna kubweza m'chiuno. Anamva nyimbo ikutuluka pansi pa tebulo losokera, n'kuima.

"Atelala, zimenezo zapangidwa ndi ndani?"

"Ndine ndemwe, bambo."

"Mubwere nazo ku situdiyo. Ndili ndi mawu ofuna nyumba."

Tsiku lake ndiye linali la kamvula lija. Poyamba zonse zinayenda bwino. Mwini situdiyo, bambo wosalankhulalankhula, analumikiza laputopu ku masipika akuluakulu, ndipo Telala anamva besi yake ikugwedeza mawindo koyamba m'moyo wake. A Chipewa analowa m'kachipinda koimbira. Atangomaliza ndime imodzi anatuluka ali wefuwefu.

"Ikuthamanga kwambiri, mwanawe. Ine si mnyamata, mpweya ndimachita kupempha. Ichepetseni liwiro."

Telala anatsitsa nambala ya liwiro la nyimbo, imene amati tempo. Ng'oma zinamvera. Kiyibodi inamvera. Koma wau-wau anapitiriza ulendo wake wakale ngati sanamve. Apa watsogola, apa watsalira, apa wapondana ndi ng'oma. Telala anayesa kupotokola kagudumu kaja, koma khutu linali litathawa.

"Besi yanuyi yadzera kuti m'mawa uno?" anafunsa a Chipewa. "Yamwa imeneyi. Onani mmene ikudzandirira!"

Anyamata amene anakhala pa sofa anagwa nako kuseka. Mwini situdiyo sanaseke. Anazula waya wake n'kunena kuti, "Ndikupatsa mpaka Loweruka. Besiyi ikabwera itaphwa mowa, tijambula nyimbo yako. Ikabwera chonchi, pali wina amene akudikira ndi yake."

Atafika pakhonde losokera, azakhali anangomuona nkhope n'kudziwa.

"Akukana?"

"Akuti besi yanga yaledzera."

Azakhali anaseka mpaka kuvula magalasi. "Ndiye ukulira chiyani? Woledzera amagona, mawa n'kudzuka munthu. Tenga siketi iyo upinde m'munsi, mwini wake abwera masana."

Masiku otsatira Telala ankati akamaliza zosoka, n'kuvala mahedifoni ake omanga ndi ulusi wakuda. Anakhazika mtima pansi, n'kuchuna wobo ndi khutu pa liwiro latsopano lija mpaka inagwirizana. Anasangalala pang'ono, kenako mantha anamugwira. Nanga a Chipewa akakanena kuti tsopano yachedwa kwambiri? Choncho anayamba kupanga nyimbo yomweyo kambirimbiri: ina yofulumira, ina yapakati, ina yochedwa, ina yochedwetsetsa, iliyonse ndi wau-wau wake wochuna payekha. Magetsi anathima kangapo n'kumutayitsa ntchito, iye n'kuyambiranso. Komabe ngakhale zimene ankati zagwirizana, zikafika chakumapeto kwa nyimbo zinkayamba kutsetsereka pang'ono, ngati msoko umene wayamba bwino koma wakathera pambali.

"Iwe, ukusoka madiresi angati a mkwatibwi mmodzi?" anafunsa azakhali atamva nkhaniyo. "Mkwatibwi akanenepa umasoka lina? Si umasiya pobwezera?"

"Azakhali, nyimbo si diresi."

"Chabwino, aphunzitsi. Ine ndangodutsamo."

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene Telala ankachidziwa koma ankachizemba. Pambali pa kagudumu kaja panali kabatani kakang'ono kolembedwa mawu amene opanga nyimbo amawatchula kuti sinki. Tsiku lina kalekale anakadina mwangozi. Nambala imene inali pansi pa kagudumu inasowa, m'malo mwake munatuluka 1/4, kenako 1/8, kenako 1/16. Mafulakishoni! Adani omwe aja amene anamugwetsa mayeso anali atamutsatira mpaka mu nyimbo. Anakadinanso msangamsanga kuti achoke, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankakalambalala kabataniko ngati nyumba ya galu wolusa.

Lachinayi masana dzuwa linatuluka. Telala anakhala pa benchi akumata mabatani a malaya, maso ali pa azakhali amene ankasoka malaya a sukulu. Pa msoko wautali wa m'mbali phazi lawo linkapalasa mwaliwiro, makina n'kumalira ngati akuthamangitsidwa. Pofika pa kolala, pamene pamakhota, phazi linkafatsa, makina n'kumangoti tcha, tcha, tcha. Telala ankaziona zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo iyenso ankachita chimodzimodzi. Koma tsiku limeneli anatenga malaya amodzi n'kuyang'anitsitsa ulusi. Masitichi a pamene anathamanga ndi a pamene anafatsa anali ofanana ndendende.

"Azakhali, n'chifukwa chiyani masitichi sasintha mukachepetsa liwiro?"

"Funso lanji limenelo, telala wathunthu? Singano ndi mano okoka nsalu zimayendera lamba mmodzi. Phazi likafatsa, zonse zimafatsa. Ukanakhala kuti nsalu umakoka ndi dzanja pawekha, bwenzi anthu akuyenda ndi zigamba."

Telala anasiya malaya aja pa benchi. Ng'oma zake ndi kiyibodi zinali pa lamba mmodzi, lamba wa tempo. Wobo yokha ndiyo ankaikoka ndi dzanja. Nambala imene ankaichuna ndi khutu ija inkawerenga nthawi ya wotchi, kuti sefa itseguke kangati pa sekondi, ndipo wotchi ilibe nazo ntchito kuti woimba watopa. Chofunika chinali kuikoleka wobo pa lamba.

Anatsegula laputopu, n'kuyang'anizana ndi kabatani kaja kwa kanthawi. Kenako anakadina.

Adani aja anatulukira. Koma ulendo uno sanathawe. Anasankha 1/4 n'kumvetsera. Ng'oma ikagunda kamodzi, besi inkati wau kamodzi. Anasankha 1/8, ndipo pa kugunda kulikonse panalowa ma wau awiri. Pa 1/16 analowa anayi, besi n'kumanjenjemera ngati yamva chisanu. Anaseka yekha. Chinthu chinali chimodzimodzi ndi mita ya nsalu: kuipinda pakati, kupindanso, kupindanso. Mzere umodzi wa nyimbo unali mita yathunthu, ndipo manambalawo ankangonena kukula kwa chidutswa. Iye amene ankadula theka ndi kota tsiku lililonse popanda kuphethira, anakhala akuthawa zinthu zomwezo chifukwa choti zalembedwa ndi kamzere pakati.

Anatsitsa tempo. Wau-wau anafatsa limodzi ndi ng'oma. Anaikweza. Anathamanga nazo limodzi.

"Azakhali! Besi ija yaphwa mowa!"

"Usandidzidzimutse ndili ndi singano m'manja, iwe!"

Musaganize kuti zonse zinathera pomwepo. Liwiro linagwirizana, koma panali chilema china. Noti ina, kapena kuti liwu limodzi la besi, inkayamba ndi wau wathunthu, ina inkayambira pakati, kumangomveka kuti au, ngati munthu wolowa m'nkhani mochedwa. Telala anavutika nazo Lachisanu lonse. Koma mantha a mabatani anali atamuchoka. Anayamba kudina kalikonse kamene kale ankakaopa, kumvetsera, n'kubwezera. Chakumadzulo anapeza kena kamene kamauza wobo kuti iziyambira pachiyambi nthawi iliyonse noti yatsopano ikalira, monga telala amayambira msoko pa chizindikiro cha choko. Anachepetsanso kutsekuka kwa sefa kuti besi isamakuwe pamwamba pa woimba. Pamenepo ndi pamene khutu lake lija linagwira ntchito yake yeniyeni. Nyimbo zambirimbiri zija anazifufuta, n'kutsala ndi imodzi.

Loweruka a Chipewa anamulandira ndi nthabwala. "Mwabwera naye mlamu wathu woledzera uja? Lero wadzera kutchalitchi kapena komwe kuja?"

"Mumufunse nokha, bambo."

Nyimbo inayamba pa liwiro lofatsa. A Chipewa anaimba ndime yonse osapuma movutika. Atamaliza anasuzumira pa galasi la kachipinda kaja, maso akuseka.

"Tsitsaninso pang'ono."

Telala anatsitsa. Besi inatsatira.

"Ayi, ndanama. Kwezani kwambiri, ndione."

Anakweza. Besi inatsatira, osaphonya phazi ngakhale limodzi. Anyamata a pa sofa aja anasiya kuyang'ana mafoni.

"Nanga pa kolasi," anatero a Chipewa, "singanjenjemere kwambiri? Pamenepo ndikufuna anthu adzuke m'mipando."

Telala anasintha gawo la kolasi lokha kuchoka pa 1/8 kupita pa 1/16. Kolasi itafika, bambo wachikulire uja anayamba kuvina m'kachipinda kopapatiza, mapewa akugwedezeka, mpaka chipewa chinagwa. Aliyense anaona dazi limene mzinda wonse unali usanalionepo, likuwala ngati mbale yatsopano. Ulendo uno amene anasekedwa sanali Telala, ndipo mwini dazi ndi amene anaseka kwambiri.

Mwini situdiyo anadikira kuti phokoso lithe. "Tijambula yako," anatero. Kenako analoza mpando umene unali pambali pake. "Uwu umakhala wopanda munthu Lachiwiri ndi Loweruka. Uzibwera. Pali zambiri zoti uphunzire, koma waonetsa kuti ukagwa umadzuka."

Sitikokomeza. Telala sanasanduke munthu wotchuka tsiku limenelo, ndipo laputopu yake inali ikadali ndi mng'alu. Koma nyimbo inajambulidwa, mpando anaupeza, ndipo lero oimba achinyamata akafuna besi yogwedera amafunsa kuti, "Atelala aja abwera liti?"

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi kabatani kanu kamene mumakalambalala chifukwa kakufanana ndi chinthu chimene chinakugwetsani kale. Mumagwira ntchito yowirikiza, mumatopa, mumasoka madiresi khumi a mkwatibwi mmodzi, pamene yankho lili pambali pa chala chanu. Kulephera mayeso sikutanthauza kuti mutu mulibe. Bwererani pamene munathawa paja, mukapayang'anenso bwinobwino. Akakusekani lero, sekani nawo, mawa mudzuke. Osataya mtima, abale anga.

Telala anafika pakhonde dzuwa litapendeka. Azakhali anamvetsera nkhani yonse, ya dazi anaifunsa kawiri, kenako anapukuta misozi ya kuseka ndi kansalu kotsala.

"Ndiye kuti masamu aja wakhoza tsopano?"

"Pang'ono, azakhali."

"Zili bwino. Thalauza la a Chipewa likadali apo, sunalibweze m'chiuno. Likadzagwa akuvina chonchija, usadzati sindinanene."

Telala anaika laputopu pansi pa tebulo, anakoleka lamba pa gudumu la makina, n'kuyamba kupalasa.